Nsambo Zosalala za Gitala ya Besi: Kasankhidwe ndi Kamangidwe Kake

M'phunziro lathu la nyimbo lero tikambirana za gitala ya besi, ija imalira ndi liu lalikulu pansi pa zoimbira zinzake. Inu amene mumamvera nyimbo za kalindula mukuidziwa bwino, pakuti ndiyo imatsogolera miyendo ya ovina. Kawirikawiri imakhala ndi nsambo zinai: E, A, D ndi G. Inayamba kufala m'caka ca 1951, pamene Leo Fender wa ku California anaturutsa gitala yake yochedwa Precision Bass.

Kuti nsambo ipereke liu lalikulu, iyenera kukhala yolemera. Koma citsulo conenepa cokhacokha ncouma, sicingagwedezeke bwino. Motero opanga nsambo amatenga waya woonda wolimba, namkulunga ndi waya wina kuyambira kumutu kufikira kumcira. Waya wokulungirayo akakhala wobulungira, nsamboyo imachedwa roundwound, ndipo mukaisisita mumamva timizere. Akakhala waphanthiphanthi ngati luzi, imachedwa flatwound, ndipo njosalala ku cala.

Magitala oyamba a besi anali ndi nsambo zosalala. Zamizere zinachuka m'zaka za m'ma 1960, makamaka kampani ya Rotosound ya ku England itagwira nchito pamodzi ndi John Entwistle wa gulu la The Who, amene ankafuna liu lakuthwa. Komabe zosalala sizinatayidwe. James Jamerson, katswiri amene anaimba besi m'nyimbo zambiri za Motown ku Detroit, ankaimbira zosalala, ndipo sankakonda kuzisintha pokhapokha zitaduka.

Nanga ubwino wake ngotani? Liu lake ndi lofatsa ndi lonona. Cala cikamatsetsereka pa nsambo sipamveka kukwecha. Timizere ta citsulo ta pakhosi pa gitala sititha msanga. Ndiponso popeza palibe mipata yolowamo thukuta ndi litsiro, nsambozi zimakhala zaka zambiri. Koma mtengo wake kawirikawiri ndi wokwera, ndipo zambiri mwa izo nzolimba, zimafuna zala zamphamvu. Wofuna liu lowala, lomenya, angakondwere koposa ndi zamizere.

Musanagule, yambani mwapima. Magitala ambiri a besi ali ndi utali wa mainchi 34, ndiko kuti pafupifupi masentimita 86, kucokera pa kamlatho ka kumutu kufikira pa kamlatho ka pathupi. Ena aafupi ali ndi mainchi 30. Kumapeto kwa nsambo yosalala kuli cigawo coonda, kawirikawiri cokutidwa ndi ulusi. Cigawo cimeneci ndico ciyenera kuzungulira ciciri ca kiyi. Nsambo ikatalikitsa, cigawo conenepa cimafika pa ciciri, ndipo cingathe kung'ambika.

Kumcira, njira zomangira nsambo ziripo ziwiri. Yoyamba ndiyo kupisa nsambo pa cibowo ca kamlatho, pamwamba pa thupi la gitala. Apa nsambo imapindika pang'ono cabe. Yaciwiri ndiyo kuilowetsa kumbuyo kwa gitala, nkubzola thupi lonse, nkuturukira pa kamlatho. Apa imapindika kwambiri, ndiponso imafunika yotalikirapo. Precision Bass ya 1951 inali ya njira yaciwiriyi, koma kuyambira 1957 a Fender anaisinthira ku njira yoyamba.

Aphunzitsi, thandizani ana kuona okha cifukwa cake zimenezi nzofunika. Tengani timitengo tiwiri tanthete. Kamodzi mukakulunge ndi cingwe cobulungira, kanzake ndi luzi, mosasiya mpata. Tsopano pindani tonse tiwiri. Cingwe cidzatsata kupindikako mosabvuta, pamene luzi lidzayasama kunja kwa gondyo. Nsambo yosalala imacitanso cimodzimodzi: ikapindidwa mwamphamvu, cokulungira cake cimatseguka, liu limafa, mwina nsambo nkuduka. Ncifukwa cake kampani ya La Bella imacenjeza kuti nsambo zake zosalala za masiku onse zisabzoletsedwe m'thupi la gitala, ndipo imapanga zina zapadera za njira imeneyo. Conco werengani zolembedwa pa paketi. Ngati gitala yanu ilola njira zonse ziwiri, yoyamba ija ndiyo yopanda ngozi.

Pomanga, tsatani dongosolo ili:

1. Sinthani nsambo imodziimodzi, kuti khosi la gitala lisamasuke mwadzidzidzi.
2. Kokerani nsambo kupitirira ciciri cake, musiye utali wokwanira kuzungulira kawiri kapena katatu.
3. Pindani nsonga poyamba, kenaka mudule kutsogolo kwa popindapo, kuti cokulungira cisasomboloke.
4. Lowetsani nsonga m'cibowo ca ciciri, ndipo potani kiyi. Musazengereze nsambo ndi dzanja, cifukwa ingapotoke.
5. Mzere uliwonse watsopano ugone pansi pa unzake.
6. Kungani pang'onopang'ono kufikira liu litakwana.

Mukaona kuti khosi lakhota ndipo nsambo zatalikirana nalo, pitani nayo gitala kwa mmisiri wodziwa kukonza citsulo ca m'kati mwa khosi. Musacipote nokha.

Ana inu, ambiri a inu mumapanga mabanjo a zitini ndi mawaya. Mwaona kuti waya amaduka pamene mwampinda kwambiri. Lamulo lomweli ligwiranso nchito pa gitala ya mtengo wapatali. Nsambo imene ikanakhala zaka ingaonongeke tsiku lomwe yagulidwa, ngati womanga sanapime ndi kusamala popindika.

Mafunso okambirana m'kalasi: Kodi nsambo ya besi imakulungidwa cifukwa ciani? Chulani ubwino uwiri wa nsambo zosalala. Ndi njira iti yomangira imene imapinda nsambo kwambiri?

Tsalani bwino, tidzakumananso m'phunziro lotsatira.