Zinthu 7 zodabwitsa zimene zimazimitsa pulogalamu m'foni ya mlimi wa fodya

Mlembi wa kalabu ya fodya ku Kasungu akamalemba mabelo pafoni, pulogalamu n'kudzitsekera yokha, ambiri amathamangira kunena kuti netiweki yavuta. Nthawi zina vuto limakhala mkati mwa pulogalamuyo. Mapulogalamu ambiri a Android ali ndi mbali ziwiri. Ina imalembedwa mu Java kapena Kotlin, ndipo memory yake imayang'aniridwa ndi ART, mbali ya Android yoyendetsa mapulogalamu. Ina imalembedwa mu C kapena C++, ndipo ilibe woilondera. Ziwirizi zimapatsirana uthenga kudzera pa JNI, njira imene inayamba mu 1997. Pamalire pamenepa ndi pamene pamabisala zotsatirazi.

1. Ngakhale amene sanalembepo C amawoloka malirewa. Pulogalamu yosunga mayina ndi makilogalamu kumudzi kopanda netiweki kawirikawiri imadalira SQLite, yomwe inalembedwa mu C. Zimene mwafunsa zimabwerera ku Java kudzera pa CursorWindow, malo okwana pafupifupi 2 MB basi. Mukasunga chithunzi chachikulu cha fodya ali m'chigafa mumzere umodzi, chimalowa bwinobwino, koma poti muchiwerenge pulogalamu imagwa. Chithunzi chisungeni ngati fayilo, mumzere mulembemo pomwe chili.

2. Dzina loti Malaŵi lili ndi zilembo 6 ku Java, koma ma byte 7 ku C. Chilembo cha ŵ chimatenga ma byte awiri mu UTF-8. Wolemba pulogalamu akapatula malo powerenga zilembo, dzina limaduka kapena limasefukira m'malo a zinthu zina. Chodabwitsa china n'choti JNI ili ndi UTF-8 yakeyake yosinthidwa: emoji imene imatenga ma byte 4 kwina konse, kumeneko imatenga 6. Mafoni akale a Android ankatha kugwa chifukwa cha kankhope kamodzi koseka.

3. Pali ndalama imene nambala ya 32-bit singathe kuinyamula, ndipo si yambiri. Nambala yotere imathera pa 2,147,483,647. Ngati mukuwerengera m'matambala, malire ake ndi K21,474,836.47. Fodya amagulitsidwa m'madola a ku America pa okushoni ya Chinkhoma, ndipo chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kalabu yogulitsa bwino itha kudutsa malirewa mosavuta. Msampha wake ndi uwu: long ya Java nthawi zonse ndi 64-bit, pomwe long ya C ndi 64-bit pafoni zina koma 32-bit pafoni zambiri zotsika mtengo. Mukawonjezera tambala imodzi yokha pamwamba pa malirewa, phindu likhoza kuoneka ngati ngongole. Mankhwala ake ndi kugwiritsa ntchito jlong kapena int64_t.

4. Zinthu za ku Java zimasamuka popanda kutsanzika. ART imasesa memory ndi kusuntha zinthu pulogalamu ili mkati mogwira ntchito. Pokonzekera zimenezi, kuyambira pa Android 4.0, ya mu 2011, C sipatsidwa malo enieni a chinthu, imapatsidwa chizindikiro chongobwereka. Zili ngati tikiti ya belo yogwira ntchito tsiku limodzi lokha la malonda: mukaisunga n'kubwera nayo mawa, mupeza ikuloza belo la wina kapena pamalo popanda kanthu. Chofuna kusungidwa chimafunika NewGlobalRef, ndipo mukathana nacho muchimasule ndi DeleteGlobalRef, apo ayi memory imangodzaza pang'onopang'ono.

5. C ikhoza kukonza zinthu bwinobwino, Java osaona kusintha kulikonse. GetByteArrayElements nthawi zina imapereka chinthu chenicheni, nthawi zina kope chabe, ndipo amasankha ndi ART, osati inu. Ngati ndi kope, zimene mwasintha zimabwerera pokhapokha mutaitana ReleaseByteArrayElements moyenera. Mukaiwala, pulogalamu imagwira ntchito lero, mawa n'kuonetsa kulemera kwakale.

6. Nambala 200 ikhoza kufika ili -56. Byte ya Java imayambira pa -128 kulekeza pa 127, choncho chilichonse choposa 127 chochokera ku sikelo ya Bluetooth chimatembenuka ngati simunachikonze. Ku C nako kuli zake: char pa purosesa za ARM, zomwe zili m'mafoni, sikhala ndi manambala a pansi pa ziro, koma pa purosesa za x86 za makompyuta ambiri imakhala nawo. Mayeso atha kupambana pa emulator mu ofesi ku Lilongwe, n'kukalephera pafoni ku Santhe kapena ku Chulu.

7. Pomwe pulogalamu yagwera si pomwe yalakwira. Java ikakumana ndi vuto poitanidwa ndi C, C siima. Imapitiriza mpaka itakagwa patsogolo, pokhapokha wolemba atafunsa ndi ExceptionCheck. Palinso R8, yomwe imafupikitsa mayina pokonza pulogalamu yopita kwa anthu: C ikafuna dzina lakale silipezeka, ndiye vuto limaoneka kwa mlimi yekha, osati kwa wolemba. Zida zofufuzira zilipo kale. CheckJNI imaimitsa pulogalamu pamzere weniweni wolakwika, ndipo C ikagwa Android imalemba lipoti lotchedwa tombstone, lomwe ndk-stack imalimasulira kukhala mayina a mafayilo ndi manambala a mizere.

Zambiri mwa zolakwikazi sizioneka pakompyuta yamphamvu. Zimadikira foni ya itel kapena Tecno yokhala ndi memory yochepa, ili m'manja mwa munthu amene thukuta la chaka chonse lalembedwa mmenemo. Choncho inu olemba mapulogalamu a alimi, msika usanatsegulidwe cha mu Epulo, gulani foni yotsika mtengo ya 32-bit, yatsani CheckJNI, lowetsani mayina okhala ndi ŵ, ndalama zoposa K22 miliyoni ndi zithunzi zikuluzikulu. Kenako pitani nayo kwa mlembi wa kalabu akaigwiritse ntchito yekha inu mukuonerera.