Cifukwa Ninji Nyimbo za Makina Zili ndi Maina Ambirimbiri?

Makolo ambiri akamva nyimbo zimene acinyamata amavina masiku ano, zija zopangidwa ndi makina ndi kompyuta, amangoti zonsezo ndi phokoso limodzi. Koma mukamfunsa mwanayo, adzakuwerengerani maina osatha: house, techno, trance, garage, jungle, dubstep, kwaito, gqom, amapiano, ndipo mtundu uliwonse uli ndi ana ndi adzukulu ake. Kodi maina onsewa ndi matama cabe a ana amakono? Ife tikuona kuti iai. Maina amenewa ali ndi nchito yake, ndipo ambiri a iwo amasunga mbiri ya anthu amene anayamba nyimbozo.

Mlendo wocokera kutali akamva ng'oma usiku m'mudzi, amangoti kwinakwake kukulira ng'oma. Koma mwini mudzi, ngakhale ali gone m'nyumba, amadziwa kuti uko ndi cimtali, uko ndi vimbuza, uko kwatuluka gule wamkulu. Amazindikira ndi liwiro ndi kalizidwe. Nyimbo za makina nazonso zili cimodzimodzi. Paja akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Tiyeni tidekhe, tione zifukwa zake.

Nchito ya woika nyimbo

Cifukwa coyamba cili m'manja mwa DJ, munthu amene amaika nyimbo pa dansi. Udindo wake ndi wakuti ovina asaime. Pamene lekodi imodzi ili pafupi kutha, iye amalowetsa ina pang'onopang'ono, ng'oma za nyimbo ziwirizo zikugunda pamodzi, kotero kuti phazi la wovina silizindikira kuti nyimbo yasintha. Kuti izi zitheke, nyimbozo ziyenera kukhala ndi liwiro lofanana. Liwiro limeneli amaliyesa powerenga kuti ng'oma ikugunda kangati pa mphindi imodzi. House kawirikawiri imagunda ka 120 mpaka ka 130, dubstep pafupifupi ka 140, drum and bass ka 160 mpaka ka 180, pamene amapiano imayenda mwacifatse, ka 110 mpaka ka 115.

Galamafoni imene ma DJ ankaikonda kwambiri, Technics SL-1200 MK2, inatuluka mu 1979. Inkatha kufulumizitsa kapena kucedwetsa lekodi ndi magawo 8 okha pa 100. Ndiye kuti lekodi yogunda ka 125 inkafika pa 135 basi, ndipo kuilumikiza ndi yogunda ka 170 kunali kosatheka. Conco DJ ankasanja malekodi ake m'mabokosi malinga ndi liwiro ndi kalizidwe, ndipo mwini sitolo ya malekodi anayenera kulemba dzina pa bokosi lililonse kuti ogula asavutike. Kusiyana kwakung'ono kumene ife sitikumva, kwa DJ ndi nkhani ya cakudya cake ca tsiku ndi tsiku, pakuti akalakwitsa, ovina amabalalika.

Mzinda uliwonse ndi dzina lake

Cifukwa caciwiri ndi malo. Pa 12 Julaye 1979, khamu la anthu linasonkhana pa bwalo la masewera la Comiskey Park ku Chicago, m'dziko la America, kudzaonerera kuphulitsidwa kwa mulu wa malekodi a disco. Posapita nthawi makampani aakulu anayamba kuzifulatira nyimbo za disco. Koma mumzinda womwewo munali nyumba yovinira yotchedwa Warehouse, kumene Frankie Knuckles anakhala akuika nyimbo kuyambira 1977, ndipo ovina ambiri anali anthu akuda. Iye ankadula ndi kulumikiza matepi a nyimbo zakale kuti zitalike, ndipo pambuyo pake anawonjezerapo ng'oma za makina. Ambiri amati dzina lakuti house linacokera pa nyumba imeneyi. Ku New York nako, dzina lakuti garage linacokera pa nyumba yovinira ya Paradise Garage, kumene Larry Levan ankaika nyimbo.

Ku Detroit, mzinda wa mafakitale a galimoto umene nchito zinali kutha, anyamata atatu akuda, Juan Atkins, Derrick May ndi Kevin Saunderson, ankamvera nyimbo za gulu la Kraftwerk la ku Germany, nayamba kupanga zaozao. Mu 1988, pamene nyimbo za ku Detroit zinasonkhanitsidwa pa lekodi yoti ikagulitsidwe ku Britain, anaikapo dzina lakuti techno kuti anthu asazisokoneze ndi house ya ku Chicago.

Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Nyimbozi zitaoloka nyanja, paliponse pamene zinafika zinasintha maonekedwe. Ku London, kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990, acinyamata, ambiri a iwo ana a anthu ocokera ku Jamaica, anafulumizitsa ng'oma nawonjezera besi yolemera ya reggae; imeneyo ndiyo jungle, imene inabala drum and bass. Ku Rotterdam, m'dziko la Netherlands, anaumitsa ng'oma ndi kuithamangitsa, naitcha gabber. Ku Johannesburg, pa nthawi imene ulamuliro wa tsankho unali kutha, acinyamata a m'makomboni anacedwetsa house naimbiramo zinenero zao, ndipo kunabadwa kwaito. Pambuyo pake Durban inabala gqom, ndipo makomboni a ku Gauteng anabala amapiano, imene lero tikuimva m'maminibasi a ku Lusaka ndi ku Chipata.

Makina otsika mtengo

Cifukwa cacitatu ndi zipangizo. Mu 1981 kampani ya ku Japan yotchedwa Roland inapanga kabokosi kotchedwa TB-303, koti kaziliza besi pothandiza oimba gitala amene analibe mnzao woimba naye. Oimba sanakakonde cifukwa mau ake sanafanane ndi gitala ya besi yeniyeni, ndipo mu 1984 kampaniyo inaleka kukapanga. Motero kanayamba kugulitsidwa motchipa m'masitolo a katundu wogwirapo kale nchito. Anyamata a gulu la Phuture ku Chicago anakapeza, nayamba kupotokola timabatani take pamene kali kulira, ndipo kanatulutsa mau acilendo okhala ngati madzi akubwadamuka. Nyimbo yao, "Acid Tracks", inatuluka mu 1987, ndipo inayambitsa mtundu watsopano wotchedwa acid house.

Taonani phunziro lake. Kuti bandi ijambule nyimbo, pamafunika anthu angapo, magitala, ng'oma ndi ndalama za situdiyo. Koma nyimbo za makina, mnyamata mmodzi angathe kuzipanga m'cipinda cake cogona. Masiku ano kompyuta yakale yokhala ndi pulogalamu monga FL Studio ndi yokwanira, ndipo umu ndi mmene gqom inapangidwira ku Durban. Pamene kuyesa cinthu catsopano sikudya ndalama zambiri, oyesa amaculuka. Wina akasintha kamodzi kokha, anzake khumi namtsanzira, posacedwa pafunika dzina.

Malonda ndi kufuna zatsopano

Cifukwa cacinai ndi mtima wa munthu. Tsobola wakale sawawa. Mtundu wa nyimbo ukatchuka nkuyamba kumveka pa wailesi iliyonse, amene anauyamba amaona ngati walandidwa, ndipo amasamuka kukayamba wina. Ang'ono ao naonso safuna kuvina zimene akulu ao anavina. Apa amalonda ndi atolankhani amathandizira, pakuti dzina latsopano limagulitsa malekodi ndi magazini. Sitolo ya pa intaneti ya Beatport, imene inayamba mu 2004, imagulitsa nyimbo kwa ma DJ itazisanja m'magulumagulu, ndipo wopanga nyimbo ayenera kusankha gulu loti alowemo. Ndi zoona kuti maina ena ndi nyambo cabe ya malonda, ndipo amafa asanathe zaka ziwiri. Amene amakhalitsa ndi aja amene ali ndi ovina ao enieni.

Dzina ndi cikumbutso

Ca m'ma 2010, okonza madansi aakulu ku America anayamba kuphatikiza zonsezi pa dzina limodzi lakuti EDM. Dzinali ndi losavuta kugulitsa, koma silinena kanthu za Chicago kapena Detroit. Apa mpamene pali nkhawa yathu, pakuti mu nyimbo zimenezi mwini wake amaiwalika msanga. Mu 1969 gulu la The Winstons linajambula nyimbo yotchedwa "Amen, Brother", momwe Gregory Coleman analiza ng'oma yekha kwa masekondi osakwana khumi. Kacigawo kameneka kanatengedwa ndi kuikidwa m'nyimbo zikwizikwi, ndipo ndiko msana wa jungle. Koma Coleman anamwalira mu 2006 ku Atlanta, wopanda nyumba, osalandirapo kanthu. Mu 2024 dziko la Germany linaika techno ya ku Berlin pa mndandanda wa cuma ca cikhalidwe cao, ndipo nkoyenera kukumbukira kuti mbeu yake inacokera kwa anyamata akuda a ku Detroit.

Tsono inu makolo anzathu, sitikunena kuti muyambe kuzikonda nyimbozi, kapena kuti muleke kudera nkhawa za mowa ndi mankhwala osokoneza bongo amene amapezeka m'malo ena ovinira. Koma mwana samvera uphungu wa kholo limene limati zonse zimene iye amakonda ndi phokoso. Mukamva ng'oma ikugunda m'cipinda cake, mufunseni dzina la nyimboyo, kumene inacokera ndi amene anaiyamba. Akadziwa, mudzaphunzirapo kanthu. Akapanda kudziwa, mfotokozereni za Frankie Knuckles ndi Gregory Coleman.