Injini ikawira pa zitunda za ku Ntcheu, mlandu suli pa rediyeta yokha

Msewu wa M1 ukangodutsa pa Chingeni kulowera ku Lilongwe umayamba kukwera, ndipo supuma kwenikweni mpaka ku Dedza. Balaka ili pa mamita pafupifupi 600 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, pomwe Dedza ili pa mamita pafupifupi 1,600. Mbali yaikulu ya mtunda umenewu galimoto imaikwera m'boma la Ntcheu, kudutsa pa Kampepuza, pa boma, ndi m'misika ya m'malire ndi Mozambique monga Biriwiri, mphambano ya ku Tsangano ndi Lizulu. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, dzuwa likafika paliwombo, si chachilendo kupeza galimoto itaima m'mbali mwa msewuwu, boneti ili yasa, nthunzi ili tolotolo, kondakitala akuthamangira ku mjigo ndi chigubu.

Zambiri mwa galimoto zotere ndi maminibasi ndi tigalimoto tamatola, ma Sienta ndi ma Probox, tomwe tasenza mbatata ya kachewere ndi kabichi kuposa mlingo. Koma masiku ano pagululi pakupezekanso galimoto zaliwiro zomwe anyamata a m'tauni amanyadira: Toyota Altezza, Mark X ndi Subaru Impreza. Mwini galimoto yotere ikamuwirira pa chitunda amafulumira kugamula kuti rediyeta yachepa, pakufunika yaikulu ya aluminiyamu. Nthawi zina amakhala akulondola. Koma kawirikawiri rediyeta yatsopanoyo imangophimba vuto lomwe lili pena, ndipo pakapita miyezi yochepa injini imawiranso pa chitunda chomwechija.

Chifukwa chake chitunda chimaulula

Injini ya petulo sipereka mphamvu yonse ya mafuta ku matayala. Mongoyerekeza, gawo limodzi mwa magawo atatu ndilo limakankha galimoto, lina limatuluka ndi utsi, ndipo lotsalalo ndi kutentha komwe madzi ayenera kuchotsa. Pampu imazunguza madziwo m'timipata ta m'buloko ndi m'mutu wa injini, kenako amapita ku rediyeta komwe amadutsa m'timachubu topyapyala towombedwa ndi mphepo. Injini zambiri zimakhala pabwino madzi akamasewera pakati pa madigiri 85 ndi 100.

Pa chitunda zinthu zimapikisana. Dalaivala waponda moto, injini ikumwa mafuta ambiri ndi kutulutsa kutentha kochuluka, koma galimoto ikuyenda pang'onopang'ono, mwina ili kumbuyo kwa thiraki yomwe ikukwawa, choncho mphepo yofika pa rediyeta ndi yochepa. Mpweya wa kumtunda ndi wopepukanso, sunyamula kutentha ngati wa kuchigwa. Kuwonjezera apo, madzi omwe amawira pa madigiri 100 kugombe la nyanja yamchere amafulumira kuwira ndi digiri imodzi pa mamita 300 aliwonse omwe mwakwera, moti pa mamita 1,500 amawira pa madigiri 95. N'chifukwa chake galimoto yomwe chivindikiro chake cha rediyeta chinafooka imatha kuyenda bwinobwino pakati pa Zalewa ndi Balaka, n'kudzawira ikuyandikira ku Lizulu.

Chivindikirocho anthu amachipeputsa. Chitembenuzeni muone: pali sipuling'i, timphira tiwiri, ndi kavavu kakang'ono pakati. Pamwamba pake pamalembedwa 0.9 kapena 1.1, womwe ndi mlingo wa puresha yomwe chimasunga. Puresha imeneyi ndiyo imachititsa kuti madzi asawire mpaka atayandikira madigiri 120. Kamphira kakangong'ambika kapena sipuling'i ikatopa, madzi amawira msanga, amathawira m'kabotolo ka pambali n'kutayika. Ndi chimodzi mwa zipangizo zotsika mtengo kwambiri pa galimoto, koma chimatha kugwetsa injini ya mamiliyoni.

Madzi a pa mjigo ndi kulanti

Madzi a pa mjigo ndi abwino kumwa, koma ambiri amakhala ndi michere ya m'nthaka. Akamatenthedwa tsiku ndi tsiku amasiya zoyera zokakamira zija timaziona pansi pa ketulo, ndipo timachubu ta rediyeta, tomwe mpata wake ndi waung'ono kwambiri, timatsekeka kamodzikamodzi. Kunja rediyeta imaoneka yabwinobwino pomwe theka lake linafa kale. Madzi opanda mankhwala amadyanso aluminiyamu ndi kuchititsa dzimbiri mapiko a pampu, mpaka pampuyo imangozungulira osakankha kanthu.

Madalaivala ambiri amati kulanti ndi wa kumayiko a chipale chofewa, kuno safunika. Maganizowa ali ndi poyambira pake. Madzi okha amanyamula kutentha bwino kuposa ethylene glycol wa mu kulanti, ndipo galimoto za mpikisano zimayendera madzi oyeretsedwa othiramo mankhwala oletsa dzimbiri, makamaka poti mabwalo ambiri a mpikisano amaletsa glycol chifukwa akatayikira pansi amaterera. Koma galimoto ya mpikisano imakhuthulidwa madzi pafupipafupi, pomwe ya pamsewu imakhala nawo zaka. Ntchito yaikulu ya kulanti kuno kwathu ndi kuteteza zitsulo kuti zisadyeke. Wosakaniza theka ndi theka ndi madzi amawira pa madigiri pafupifupi 107 ngakhale popanda chivindikiro. Wa Toyota wapinki uja amabwera wosakaniza kale, ndipo kampaniyo imati asinthidwe koyamba pa makilomita 160,000, kenako pa 80,000 aliwonse.

Mtundu wa m'botolo si umboni, chifukwa utoto aliyense akhoza kuthira m'madzi. Werengani zolembedwa pa botolo, ndipo musasakanize mitundu yomwe simukuidziwa. Kulanti ndi poizoni ndipo amatsekemera, choncho wakale asasiyidwe m'beseni pomwe ana, agalu kapena mbuzi zingafike.

Themositati yomwe amakaniko amaitaya

M'magalaja ambiri muli chizolowezi choti galimoto ikangofika kuchokera ku Japan, kapena ikangowira kamodzi, themositati ichotsedwe ndipo fani ailumikize kuti izizungulira nthawi zonse. Amati Malawi ndi dziko lotentha, kachipangizoka kamangotchinga madzi.

Themositati ndi kachitseko komwe kamatseka njira yopita ku rediyeta injini ikadali yozizira, n'kutseguka ikafika pa mlingo wake, womwe pa ma Toyota ambiri ndi madigiri 82. Ikachotsedwa, injini imachedwa kufunda. Aliyense amene anagonapo ku Tsangano kapena ku Lizulu mu Juni ndi Julayi akudziwa kuti Ntcheu si yotentha chaka chonse. Injini yozizira kompyuta imaithira mafuta ambiri, oyilo sayenda bwino, ndipo zitsulo zimadyana msanga. Chinanso n'chakuti pa injini zambiri themositati ikamatseguka imatsekanso kanjira kachidule komwe madzi amazungulira osapita ku rediyeta. Ikachotsedwa, kanjirako kamakhala pululu, ndipo madzi ena otentha amabwerera mu injini osazizira. Pa chitunda, pomwe pamafunika rediyeta yonse, m'pomwe vutoli limaonekera.

Themositati imafa ndithu, ndipo ikakanirira yotseka injini imawira m'mphindi zochepa. Kuiyesa n'kosavuta. Iikeni mumpoto wa madzi pa mbaula, muziyang'ana. Madzi asanayambe kubwata, kachitseko kayenera kukhala katakankhika, mpata ukuoneka. Ikakhala chete mpaka madzi kuwira, yafa, ndipo mankhwala ake ndi kugula ina ya nambala yomweyo.

Pomwe kukweza rediyeta kuli ndi phindu

Zonsezi zikakhala m'malo mwake, nkhani ya rediyeta yaikulu imamveka. Toyota inasiya kupanga Altezza mu 2005, ndiye kuti ngakhale yomaliza kutuluka m'fakitale yakwanitsa zaka 20. Rediyeta za galimoto zotere zimakhala ndi pakati pa aluminiyamu koma matanki a pulasitiki. Pulasitikiyo ikakalamba imasintha mtundu kuchoka pakuda kupita kofiirira, imauma, ndipo imang'aluka pakhosi pomwe pamalowa paipi ya pamwamba. Guluu sagwira pamenepo kwa nthawi yaitali. Rediyeta ya aluminiyamu yokhayokha, yowotcherera, ilibe vuto limeneli, ndipo ya mizere iwiri imasunga madzi ambiri ndi kupereka malo okulirapo otayira kutentha. Kwa galimoto ya turbo, kapena yomwe anaiwonjezera mphamvu, kusinthaku n'koyenera.

Koma rediyeta yokhuthala imafuna mphepo yamphamvu kuti idutse. Chikombole cha pulasitiki chomwe chimazungulira fani ndicho chimachititsa kuti fani ikoke mphepo pa rediyeta yonse, ndipo ambiri amachitaya poona kuti sichikukwana pa yatsopanoyo. Ena amasiya mipata m'mbali, mphepo n'kumalambalala. Mapulasitiki a kunsi kwa injini, omwe amathothoka m'mabampu ndi m'misewu yafumbi, nawonso amathandiza kuwongolera mphepo. Rediyeta yodula yoikidwa mosasamala imagonja kwa yakale yomwe zonse zili m'malo.

Kutsogolo kwa rediyeta kuli inzake ya eyakoni. Galimoto yomwe imayenda m'misewu yafumbi ya ku Tsangano kapena m'chigwa cha Bwanje imasonkhanitsa fumbi, njere za udzu ndi tizilombo pakati pa ziwirizi, pomwe diso silifika. Tsukani ndi madzi oyenda pang'onopang'ono kuchokera mbali ya injini kupita kunja. Makina opopera mwamphamvu a kotsukitsa galimoto amapinda timapepala ta aluminiyamu n'kutseka njira ya mphepo.

Eni galimoto za otomatiki akumbukire kuti oyilo wa giyabokosi pa galimoto zambiri amazizira m'kachubu ka mkati mwa rediyeta. Rediyeta yogulayo ikhale ndi polumikizira pake, ndipo kwa okwera mapiri kawirikawiri, kuika choziziritsa oyiloyo chapadera kumapeputsira rediyeta katundu. Chivindikiro cha 1.3 chomwe okonda liwiro amachitama chimachedwetsadi kuwira, koma pa mapaipi okalamba ndi matanki a pulasitiki chimangofulumizitsa kuphulika. Eni ma Subaru asamale kwambiri: injini yawo ndi yogona, ili ndi mitu iwiri ndi magasiketi awiri, ndipo mpweya ukatsalira mkati posintha madzi, malo ena amatentha mosaonekera. Makaniko aiyendetse injini, hita ili yotsegula, mpaka thovu lonse litatha.

Galimoto zambiri za ku Japan, monga Vitz, Sienta ndi Honda Fit, zilibe muvi wosonyeza kutentha. Zili ndi kanyali kosonyeza kuti injini ndi yozizira ndi kena kofiira komwe kamayaka zinthu zitafika kale poipa. Kachipangizo kolumikiza pa soketi ya OBD kunsi kwa chiwongolero kamaonetsa madigiri enieni pa foni, ndipo dalaivala amaona 100 ikupita ku 105 nthawi yoima ikadalipo.

Chiyambire pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, masipeya atsopano anakwera mtengo kwambiri, ndipo ambiri akuthamangira ochotsa ku galimoto zakufa. Rediyeta yotere muiyese kaye ndi puresha musanapereke ndalama, ndipo musuzumire mkati ngati mulibe zokakamira. Walira mvula walira matope: wofuna galimoto yaliwiro avomere kuti mapaipi, lamba, pampu ndi kulanti nazo zimafuna ndalama pa nthawi yake.

Ikawira muli pamsewu

Muvi ukayamba kukwera, zimitsani eyakoni, tsegulani hita mpaka pamapeto ndipo tsitsani magalasi. Hita ndi karediyeta kakang'ono, kamathandiza kutaya kutentha. Pokwera chitunda musaikakamize galimoto giya yaikulu. Giya yaing'ono imazunguza pampu mofulumira ndipo injini sivutika. Muvi ukapitirira kukwera, pezani malo oonekera bwino, kutali ndi pokhota ndi pa chipwirikiti cha msika, muime ndi kuika zizindikiro za ngozi. Ngati nthunzi ikutuluka kapena madzi akutayika, zimitsani injini pomwepo.

Musatsegule chivindikiro injini ili moto. Madzi a mkatimo apitirira madigiri 100, ndipo puresha ikangochoka amasanduka nthunzi n'kuthovokera kumaso ndi m'manja. Dikirani theka la ola kapena kuposerapo, kenako tsegulani pang'onopang'ono ndi chinsanza chokhuthala. Madzi ozizira othira pa injini yotentha amapinda kapena kung'alula mutu wa aluminiyamu. Mazira, sopo ndi zina zomwe anthu amathira kuti zitseke podontha zikhoza kukufikitsani pa boma, koma zimatsekanso timachubu tabwinobwino. Madzi a pa mjigo pangozi ndi ololedwa, bola mukafika muwakhuthule.

Mukaona utsi woyera wosatha kumbuyo, thovu likutuluka mu rediyeta injini ikulira, kapena oyilo wasanduka woyererako, gasiketi yapsa. Pamenepo kupitiriza ulendo ndi kupha injini, ndipo ndalama ya galimoto yokoka ndi yochepa poyerekeza ndi ya injini ina.

Inu amene mukukonza zodutsa ku Ntcheu chilimwe chino, yambani ndi chivindikiro, themositati, fani, mapaipi ndi madzi omwe ali mkatimo. Zimenezi zikapezeka zili bwino koma muvi n'kumakwerabe pa chitunda, pitani mukagule rediyeta ya aluminiyamu, ndipo muumirire kuti makaniko abwezeretse chikombole cha fani.