Kodi ma supplement amathandizadi pochita masewero olimbitsa thupi?

M'majimu a ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu si zachilendonso kuona munthu akukhutchumula botolo la ufa wosungunula m'madzi asananyamule zitsulo, kapena akumwa pang'onopang'ono mkati mwa masewero. Pa Facebook ndi pa WhatsApp pakutsatsidwa ufa, mapiritsi ndi zakumwa zomwe ogulitsa amati zimachotsa kutopa komanso kukulitsa minofu m'masabata ochepa. Zinthuzi, zomwe ambiri amangozitchula kuti ma supplement, zimachokera kunja ndipo mtengo wake ndi woboola m'thumba.

Chilungamo chake n'chakuti ma supplement ochepa okha ndi amene ali ndi umboni woti amathandiza, ndipo amangowonjezera pang'ono pa zomwe chakudya, madzi ndi tulo zachita kale. Ena ndi kungotaya ndalama, pomwe ena angakuikeni m'chipatala.

Chimachitika n'chiyani m'thupi mukamachita masewero?

Nsima, mbatata, mpunga kapena chinangwa zikagayika zimasanduka shuga. Thupi limasunga gawo la shugayu m'minofu ndi m'chiwindi, ngati momwe banja limasungira chimanga m'nkhokwe. Mukamathamanga kapena kupalasa njinga mwamphamvu, nkhokweyi imatha pakadutsa mphindi 90 kapena maola awiri. Ikatha, miyendo imalemera ndipo mutu umazunguzika.

Pa nthawi yomweyo thukuta limatulutsa madzi ndi mchere. Munthu akataya madzi oposa magawo awiri pa 100 aliwonse a kulemera kwake, mphamvu zimayamba kuchepa. Kwa munthu wolemera makilogalamu 70, madzi amenewa ndi pafupifupi lita imodzi ndi theka. Choncho chomwe mumamwa mkati mwa masewero chili ndi ntchito zitatu basi: kubwezeretsa madzi, shuga ndi mchere.

Masewero osakwana ola limodzi

Ngati mumathamanga mphindi 30 m'mawa, kuvina ma aerobics kapena kunyamula zitsulo mphindi 45, madzi akumwa aukhondo akukwanirani. Nkhokwe ya shuga imakhala isanathe. Chakumwa chotsekemera chingangobwezera m'thupi shuga amene mumafuna kuwotcha, makamaka ngati cholinga chanu ndi kuchepetsa thupi.

Imwani mukamva ludzu. Mkodzo wachikasu chowala ukusonyeza kuti madzi alimo okwanira, pomwe woderapo ukusonyeza kuti achepa. Koma musadzikakamize kumwa malita ambirimbiri. Madzi akachuluka kwambiri amachepetsa mchere m'magazi, ndipo vutoli limayambitsa mutu, kusanza, kusokonezeka maganizo ngakhalenso imfa.

Masewero opitirira ola limodzi

Zinthu zimasintha kwa osewera mpira wa miyendo mphindi 90, othamanga mitunda italiitali monga a mpikisano wa Porters Race pa phiri la Mulanje, ngakhalenso akabaza opalasa njinga tsiku lonse. Akatswiri a zamasewero amalangiza kuti munthu wotere azilandira magalamu 30 mpaka 60 a zakudya zopatsa mphamvu pa ola lililonse.

Nthochi imodzi yakupsa ili ndi magalamu pafupifupi 25, ndiye kuti nthochi ziwiri pa ola zikugwira ntchito yofanana ndi timapaketi todula ta energy gel. Chakumwa mungapangenso nokha: sungunulani masipuni aakulu 5 a shuga osasefukira ndi kota ya sipuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi aukhondo, n'kufinyiramo ndimu. Musachulutse shuga, chifukwa chakumwa chotsekemera kwambiri chimachedwa m'mimba ndipo chimayambitsa kupotokola. Mchere umafunika kwambiri m'nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala, makamaka m'maboma monga Chikwawa, Nsanje ndi a m'mbali mwa nyanja.

Chilichonse chatsopano yesani pa tsiku lokonzekera, osati pa tsiku la mpikisano.

Nanga caffeine?

Mu 2018 akatswiri a bungwe la International Olympic Committee adatchula ma supplement ochepa omwe ali ndi umboni wokwanira: caffeine, creatine, nitrate, beta-alanine ndi sodium bicarbonate. Mwa amenewa, wodziwika kwambiri ndi caffeine, yemwe amapezeka mu khofi ndi tiyi. Iye amatchinga uthenga wa kutopa mu ubongo, kotero munthu amapirira nthawi yotalikirapo.

Muyezo wothandiza ndi mamiligalamu 3 mpaka 6 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, pafupifupi ola limodzi masewero asanayambe. Kwa munthu wa makilogalamu 70, muyezo wotsika ndi mamiligalamu 210, omwe ndi makapu awiri a khofi wamphamvu. Munthu wamkulu wathanzi asapyole mamiligalamu 400 pa tsiku, ndipo mayi woyembekezera asapyole 200.

Vuto limabwera munthu akaphatikiza. Sipuni imodzi ya ufa wa pre-workout ingakhale ndi mamiligalamu 200 kapena kuposerapo. Mukawonjezera khofi wa m'mawa ndi zitini za energy drink, malire apyoledwa kale. Zotsatira zake ndi mtima kugunda mwamphamvu, manja kunjenjemera ndi kusowa tulo. Theka la caffeine limakhalabe m'magazi patatha maola pafupifupi 5, choncho wopita ku jimu madzulo amawononga tulo, pomwe minofu imakonzeka ndi kukula munthu akamagona.

Creatine ndi mapuloteni

Creatine amapezeka mu nyama ndi nsomba, ndipo thupi limapanganso wake. Amathandiza pa ntchito yamphamvu ya masekondi ochepa, monga kunyamula chitsulo cholemera kapena kuthamanga mamita 100. Mtundu wofufuzidwa kwambiri ndi creatine monohydrate, pa muyezo wa magalamu 3 mpaka 5 pa tsiku. Sagwira ntchito nthawi yomweyo. Amadzaza m'minofu pang'onopang'ono kwa masabata atatu kapena anayi, motero kumwera mkati mwa masewero kulibe phindu lapadera. Sikelo imakwera ndi kilogalamu imodzi kapena awiri chifukwa minofu imasunga madzi.

Mapuloteni nawo ndi nkhani ya tsiku lonse. Wochita masewero mwakhama amafunika magalamu 1.2 mpaka 2 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, kutanthauza magalamu 84 mpaka 140 kwa munthu wa makilogalamu 70. Sipuni imodzi ya ufa wa whey imapereka magalamu 20 mpaka 25, chimodzimodzi ndi mazira anayi. Kapu ya mkaka ili ndi magalamu pafupifupi 8. Usipa, matemba, soya pieces, nyemba, nandolo ndi mtedza zilinso ndi mapuloteni ambiri. Ufa umangothandiza amene alibe mpata wophika. Zakumwa za BCAA, zomwe zimatsatsidwa kuti muzimwa mkati mwa masewero, siziwonjezera kanthu kwa munthu amene akudya zomanga thupi zokwanira.

Zobisika m'botolo

M'maiko ambiri ma supplement sayesedwa mozama ngati mankhwala a kuchipatala asanafike pa msika. Kafukufuku wa akatswiri a ku Cologne m'dziko la Germany, yemwe adasindikizidwa mu 2004, adayeza ma supplement 634 ogulidwa m'maiko 13. Mwa amenewo, 94 adapezeka ndi ma steroid omwe sadalembedwe pa botolo.

Ma steroid amawononga chiwindi ndi mtima komanso kukweza BP. Kwa abambo amachepetsa mbewu yobereka ndi kukulitsa mabere, pomwe kwa amayi amakulitsa mawu ndi kumeretsa ndevu.

Mu 2012 mayi wina wa zaka 30 adagwa n'kumwalira atatsala pang'ono kumaliza mpikisano wa London Marathon. Kafukufuku wa imfa yake adapeza kuti mankhwala otchedwa DMAA, omwe adali mu ufa wopatsa mphamvu womwe adamwa, adathandizira kuti mtima wake uime.

Kwa osewera m'mipikisano pali chiopsezo china. Malamulo a bungwe la World Anti-Doping Agency amati wosewera ndiye amayankha pa chilichonse chopezeka m'thupi mwake, kaya adadziwa kaya sadadziwe. Botolo limodzi lachinyengo lingamuletsetse kusewera kwa zaka.

Samalaninso ndi mankhwala opha ululu. Kumwa Brufen kapena diclofenac musanayambe masewero aatali kumaika impso pa chiswe, makamaka thupi likakhala lopanda madzi okwanira. Tramadol adaletsedwa m'mipikisano kuyambira pa 1 Januwale 2024.

Musanatulutse ndalama

Yambani mwaona mbale yanu. Ngati simudya magulu 6 a zakudya kapena mumagona maola osakwana 7, konzani zimenezo kaye.

Ngati muli ndi vuto la BP, mtima, impso kapena shuga, ngati ndinu woyembekezera kapena mukuyamwitsa, kapena ngati muli pa mankhwala a nthawi yaitali monga ma ARV, funsani dokotala musanamwe chilichonse. Ana osafika zaka 18 asapatsidwe pre-workout kapena energy drink.

Gulani ku famase kapena sitolo yodalirika. Pewani ufa wopimidwa m'timapepala topanda dzina, ndipo onani tsiku lotha mphamvu ndi mndandanda wa zomwe zilimo. Botolo lomwe silikunena muyezo wa chilichonse, koma langolemba kuti proprietary blend, lisiyeni. Chizindikiro cha Informed Sport chimasonyeza kuti katunduyo adayezedwa ngati alibe mankhwala oletsedwa. Mukakayikira katundu, dziwitsani bungwe loona za mankhwala la PMRA kapena la Malawi Bureau of Standards.

Mukamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena mtima kugunda mosalongosoka, siyani masewero nthawi yomweyo. Minofu ikapweteka modetsa nkhawa ndipo mkodzo n'kuda ngati tiyi wopanda mkaka, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo mutenge botolo la zomwe mudamwa kuti adokotala akalione.