Bolodi la Manambala

Ana inu, mukakwera minibasi yochokera ku Kawale, tayang'anani patsogolo pa dalaivala. Pali timivi ndi timagetsi. Kamuvi kena kanena liwiro, kena kanena mafuta otsala. Dalaivala alibe nthawi yakuwerenga. Angoponya diso kamodzi, nadziwa. Malo amenewo atchedwa dashibodi, ndipo anthu a makompyuta anabwereka dzinalo.

Mwezi ndi mwezi zipatala monga cha ku Kawale ndi cha ku Area 25 ziwerenga odwala ao: angati a malungo, angati otsegula m'mimba, ana angati analandira katemera. Manambalawo alowa m'dongosolo la pakompyuta lotchedwa DHIS2, limene linapangidwa pa yunivesite ya Oslo ku Norway, ndipo Unduna wa Zaumoyo uligwiritsa ntchito. Koma manambala ochuluka ounjikidwa pamodzi ali ngati mphale yosapeta. Tsono pafunika mmisiri wakuwapeta, ndi kuwayala pa bolodi limodzi la pakompyuta, kuti dokotala wamkulu wa boma aone msanga kumene kwavuta.

Kodi mmisiriyo ayamba bwanji? Sayamba ndi kukongoletsa ai. Ayamba wafunsa kuti, Wakuyang'ana pano afuna kuchitanji lero? Ngati afuna kutumiza mankhwala, mmisiri aika pamwamba penipeni zipatala zimene mankhwala atsala pang'ono kutha. Ngati afuna kudziwa ngati nthenda ikukula, amjambulira mzere wokwera kapena wotsika, pakuti diso lizindikira phiri msanga koposa nambala. Utoto wofiira ausungira zoopsa zokha. Mmisiri wosadziwa afiiritsa ponseponse, ndipo wakuyang'ana asowa poyambira.

Ntchito iyi si yamasewera. M'mwezi wa Marichi 2022 kolera inabuka ku Machinga, nifalikira m'dziko lonse, nipha anthu oposa 1,700. Mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha nthendayo. Kapena akulu anu akumbuka. Masiku amenewo odwala anali kuwerengedwa tsiku ndi tsiku, pakuti kolera ikhoza kupha munthu m'maola ochepa, ndipo madzi a mankhwala ayenera kufika kumene odwala achuluka.

Pali msampha umodzi wobisika kwambiri. Tinene kuti chipatala china sichinatumize manambala, chifukwa magetsi anazima, kapena mlembi anadwala. Mmisiri akalemba 0 pamalopo, bolodi linama, pakuti lionetsa ngati kumeneko kulibe wodwala, pamene odwala agona pansi m'khonde. Dokotala atumiza galimoto kwina. Chifukwa chake mmisiri wosamala asiyanitsa ziwirizi: kumene kulibedi wodwala alemba 0, koma kumene sikunabwere mau aikapo utoto wotuwa, nalemba tsiku limene chipatalacho chinatumiza manambala komaliza, kuti dokotala atenge lamya ndi kufunsa.