Mayi wa cystic fibrosis ndi khanda lake: kodi tizilombo tosamva mankhwala tiwalekanitse?

M'zipatala za ku Britain ndi ku America muli lamulo lomwe mlendo angadabwe nalo. Anthu awiri odwala cystic fibrosis saloledwa kuyandikana. Sagwirana chanza, sagonekedwa m'chipinda chimodzi, sadikirira dokotala pa benchi imodzi, ndipo akakumana amayenera kutalikirana pafupifupi mamita 2. Chifukwa chake n'chakuti m'mapapo mwa aliyense wa iwo mumakhala tizilombo timene tinazolowera mankhwala, ndipo wina akapatsira mnzake mtundu umene analibe, moyo wa wolandirayo ukhoza kufupika ndi zaka zambiri.

Tsopano kwabuka funso lomwe kale silinkamveka. Amayi ambiri odwala matendawa ayamba kubereka. Mayi sangatalikirane ndi khanda lake mamita 2, pakuti amaliyamwitsa, kulifungatira ndi kugona nalo. Kodi tizilombo ta m'chifuwa mwake tili ndi njira yofikira kwa mwanayo?

Matenda obadwa nawo, osati opatsirana

Cystic fibrosis si matenda opatsirana. Munthu amachita kubadwa nawo, ndipo amayenda m'banja mofanana ndi sickle cell: mwana amadwala pokhapokha atalandira jini yolakwika kuchokera kwa makolo onse awiri. Amene walandira kwa kholo limodzi sadwala, koma amasunga jiniyo ndipo akhoza kudzaipereka kwa ana ake. Mwa azungu a kumpoto kwa Ulaya, munthu mmodzi pa 25 alionse ndi wosunga wotere. Ku Britain odwala alipo pafupifupi 11,000, ndipo ku America ndi pafupifupi 40,000.

Dokotala wa ku New York, Dorothy Andersen, ndiye anayamba kuwalongosola bwino matendawa mu 1938. Gwero lake linadziwika mu 1989, pamene Lap-Chee Tsui, John Riordan ndi Francis Collins anapeza jini yotchedwa CFTR. Jiniyi ndi imene imayendetsa mchere ndi madzi pa timakoma ta m'kati mwa thupi. Ikalakwika, makhololo omwe amayenera kukhala amadzimadzi amauma n'kukhala onanda ngati ulimbo. Amatseka tinjira ta mpweya m'mapapo, amatsekanso kapamba moti chakudya sichigayika bwino, ndipo thukuta la munthuyo limakhala la mchere wambiri.

Mapapo a munthu wabwinobwino amadzisesa okha. Ali ndi titsitsi tating'onoting'ono timene timakankhira kunja fumbi ndi tizilombo usana ndi usiku. Mwa wodwala cystic fibrosis titsitsito timamira m'makhololo, choncho kachilombo kakalowa kamakhazikika. Wodwala amamwa, kupuma ndi kubayidwa maantibayotiki kuyambira ali mwana, ndipo pomwe akufika msinkhu wokwatiwa, tizilombo totsala m'mapapo mwake timakhala tija tinapirira mankhwala onsewo.

Mantha ali ndi pochokera

Tizilombo todziwika kwambiri ndi Pseudomonas aeruginosa, komwe kamakonda malo onyowa monga masinki ndi mipope; Staphylococcus aureus, makamaka mtundu wake wosamva mankhwala wotchedwa MRSA; Mycobacterium abscessus, kachibale ka kachilombo ka chifuwa chachikulu; ndi Burkholderia cepacia, komwe katswiri wa zomera Walter Burkholder anakapeza mu 1950 kakuwoletsa anyezi.

Kachilombo ka anyeziko ndi komwe kanaphunzitsa madokotala phunziro lowawa. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, mtundu wina wa Burkholderia unafalikira pakati pa odwala ku Toronto, Edinburgh ndi Manchester, ndipo ena ankamwalira patangopita masabata ochepa. Misasa ya tchuthi imene ana odwala ankasonkhanako inatsekedwa. Mu 1996 ofufuza analengeza za mtundu wa Pseudomonas wosamva mankhwala umene unkayenda pakati pa odwala ku Liverpool. Mu 2013, ofufuza omwe anaunika odwala a pachipatala cha Papworth, kufupi ndi Cambridge, anasonyeza kuti Mycobacterium abscessus nakonso kamachoka kwa wodwala wina kupita kwa mnzake.

Nkhani zonsezi zikufanana pa chinthu chimodzi: wolandira kachilomboko amakhala munthu amenenso ali ndi cystic fibrosis. Kwa munthu wa mapapo abwino, tizilomboti sitikhalitsa. Komabe mpata sunatsekeretu. Mu 2002 magazini ya zachipatala ya Thorax inalemba za wodwala wina amene anapatsira makolo ake awiri mtundu wa ku Liverpool uja, ngakhale iwo analibe matendawa, ndipo onse anadwala chifuwa kwambiri. Zotere zimachitika kamodzikamodzi, koma n'zokwanira kuti dokotala wa makanda asagone tulo.

Ana ayamba kubadwa ambiri

M'zaka za m'ma 1950 ana ambiri obadwa ndi matendawa ankamwalira asanayambe sukulu. Mayi woyamba kulembedwa m'mabuku a zachipatala kuti wabereka ali ndi cystic fibrosis anali wa mu 1960, ndipo anamwalira patatha masabata 6 chibadwire mwana wake. Kwa nthawi yaitali atsikana odwala ankalangizidwa kuti aiwale za ubereki.

Zinthu zinatembenuka mu Okutobala 2019, pamene boma la America linavomereza mankhwala otchedwa Trikafta, omwe ku Ulaya amadziwika kuti Kaftrio. Mankhwalawa amathandiza puloteni yolakwika imene jini ya CFTR imapanga kuti iyambe kugwira ntchito, ndiye makhololo amasungunuka, m'mapapo komanso pakhomo la chiberekero pomwe kale ankatchinga umuna. Amayi ena amene anakhala zaka osatenga pathupi anangozindikira ali oyembekezera. Kaundula wa bungwe la Cystic Fibrosis Foundation akusonyeza kuti ku America amayi odwala amene anatenga pathupi anali 310 mu 2019, ndipo chaka chotsatira anakwana 619.

Mankhwalawa amachepetsa makhololo ndi chifuwa, koma mwa akuluakulu ambiri samalizitsa tizilombo timene tinakhazikika kale. Mayi amapeza mphamvu, amanenepa, amabereka, koma Pseudomonas wake amakhala alipobe.

Kodi kachilombo kangadzere pati?

Wowerenga wa kuno kwathu, akamva za mayi kupatsira mwana matenda, amakumbukira HIV, yomwe imadzera m'magazi, pobereka ndi mu mkaka wa m'mawere. Apa nkhani ndi ina. Tizilombo ta cystic fibrosis timakhala m'tinjira ta mpweya, ndipo si kawirikawiri kulowa m'magazi, choncho mwana ali m'mimba amakhala wotetezeka ndithu. Mkaka wa mayiyo ulinso bwino: ngakhale thukuta lake ndi la mchere, mkaka wake uli ndi mchere wofanana ndi wa mayi wina aliyense. Njira zenizeni ndi za tsiku ndi tsiku mwana atabadwa: kutsokomola, manja, khungu, nsalu, ndi kamakina kamene mayi amapumirako mankhwala.

Kukula kwa chiopsezo kumadalira mwanayo, ndipo makanda tingawaike m'magulu atatu.

Gulu loyamba, lomwe ndi lalikulu, ndi la ana obadwa masiku atakwana, amene bambo awo sasunga jini yolakwika. Mwana wotere amalandira jini imodzi yolakwika kwa mayi ake, koma ya bambo imagwira ntchito, ndipo mapapo ake amadzisesa bwino. Pseudomonas kapena Burkholderia sapeza pokhala. Kachilombo koyenera kukayang'anitsitsa ndi MRSA, chifukwa kameneka sikafuna mapapo odwala. Kamakhala m'mphuno ndi pakhungu, ndipo kangayambitse zithupsa, mafinya pamchombo kapena m'maso mwa khanda lililonse, ngakhalenso chotupa cha bere mwa mayi woyamwitsa.

Gulu lachiwiri ndi la ana obadwa masiku asanakwane, zomwe zimachitika kawirikawiri kwa amayi a cystic fibrosis kuposa ena, makamaka amene mapapo awo anafooka kale kapena ali ndi matenda a shuga obwera ndi cystic fibrosis. Khanda lotere limakhala ndi khungu lopyapyala ndi chitetezo chosakhwima, ndipo nthawi zina limaikidwa timapaipi m'mitsempha kapena m'mphuno. Timapaipiti ndi khomo la tizilombo. Apa Pseudomonas ndi woopsa kwa khanda lililonse, lodwala cystic fibrosis kapena ayi, komanso kwa makanda ena a m'chipinda chomwecho.

Gulu lachitatu ndi la ana amene nawonso abadwa ndi cystic fibrosis. Ngati bambo ndi wosunga jini yolakwika, pa mimba iliyonse mwayi woti mwana adwale ndi theka. Mwana wotere amakhala tsiku lonse pachifuwa cha munthu amene lamulo la chipatala likanati atalikirane naye. Madokotala akudziwa kale kuti abale awiri odwala okhala nyumba imodzi nthawi zambiri amapezeka ndi mtundu umodzi wa kachilombo, ndipo mwana amene Pseudomonas wamukhazikika adakali wamng'ono mapapo ake amawonongeka msanga. Ngakhale pamenepa, yankho si kuchotsa mwana kwa mayi ake. Mwana amayezedwa pafupipafupi, ndipo kachilombo kakangoonekera amayamba mankhwala ochotsa kasanazike mizu.

Kukonzekera kumayamba mimba isanabwere

N'chifukwa chake zipatala zosamalira odwalawa zimalangiza kuti bambo ayezedwe jini banja lisanaganize za mwana. Nayenso mayi amayezedwa mphamvu ya mapapo, shuga ndi kulemera kwa thupi, ndipo makhololo ake amatumizidwa ku labotale kuti adziwe tizilombo tomwe ali nato ndi mankhwala amene timamva. Amene ali ndi Burkholderia amauzidwa mosabisa kuti mimba ikhoza kumuvuta iye mwini kuposa mwanayo.

Zotsatira za ku labotalezo siziyenera kukhala m'faelo ya dokotala wa mapapo yekha. Khanda likatentha thupi, zipatala zambiri zimayamba ndi penicillin kapena ampicillin pamodzi ndi gentamicin. MRSA samva mankhwala a m'gulu la penicillin, ndipo Burkholderia mwachibadwa samva gentamicin. Dokotala wa makanda amene sanauzidwe zomwe zili m'chifuwa mwa mayi akhoza kutaya masiku awiri akupereka mankhwala osagwira, pomwe khanda silichedwa kufooka. Azamba, madokotala a mapapo, a makanda, a mafizo ndi a zakudya amayenera kukhala pansi mayi asanachire.

Mwana akabadwa, zotsalazo ndi zinthu zimene banja lililonse lingathe. Mayi asambe m'manja ndi sopo akatsokomola, akamaliza mafizo ochotsa makhololo, komanso asanagwire mwana. Mafizowo ndi kupuma mankhwala azichitira m'chipinda china chotsegula mawindo, mwana ali ndi bambo ake kapena agogo. Kamakina kopumira mankhwala katsukidwe ndi kuumitsidwa bwino nthawi zonse, kutali ndi mabotolo ndi makapu a mwana. Chifuwa chikabuka, avale chophimba pakamwa poyamwitsa. Kuyamwitsa kumalimbikitsidwa, bola mayi aziwonjezera chakudya, chifukwa thupi lake limavutika kale kusunga mafuta.

Choopsa china chimene madokotala amachiona mobwerezabwereza n'chakuti mayi wotopa ndi khanda amayamba kudumphitsa mankhwala ndi mafizo ake. Akatero makhololo amachuluka, tizilombo timaswana, ndipo amatsokomola kwambiri pafupi ndi mwana. Achibale amene amatenga mwana kwa ola limodzi kuti mayi adzisamalire amateteza onse awiri.

Palinso chenjezo lobwera ndi mankhwala atsopano aja. Amadutsa mu nsengwa komanso amapezeka mu mkaka, moti mwana wodwala cystic fibrosis akhoza kuoneka ngati alibe matendawa pa kuyeza kwa magazi a kuchidendene, komwe ku Britain kumachitika pa tsiku lachisanu chibadwire mwana. Mwana wa mayi womwa mankhwalawa amafunika kuyezedwa jini mwachindunji, ndiponso kuunikidwa m'maso ngati muli ng'ala.

Nanga ife zikutikhudza bwanji?

Kwa zaka zambiri anthu ankati awa ndi matenda a azungu okha. Kaundula amene South Africa inayambitsa mu 2018 ali ndi odwala a mitundu yonse, akuda omwe, ndipo ambiri mwa akudawo ali ndi cholakwika cha jini chosiyana ndi chofala ku Ulaya, chomwe zoyezera zina sizichigwira. Mwana wotsokomola kosalekeza, wosakwera sikelo ngakhale akudya, wochita chimbudzi chamafuta, n'zosavuta kumuyesa wa chifuwa chachikulu kapena wonyentchera. Kuyeza mchere wa m'thukuta, komwe kwakhala kukuchitika kuyambira 1959, ndiko kumasiyanitsa. Mabanja athu okhala ku Johannesburg, Cape Town, Leeds kapena Dublin, makamaka amene akwatirana ndi anthu a kumeneko, asakane kuyezedwa poganiza kuti matendawa si athu.

Vuto la tizilombo tosamva mankhwala ndiye lili kale pakhomo pathu. Kafukufuku wofalitsidwa mu The Lancet mu 2022 anapeza kuti tizilombo totere tinapha anthu 1.27 miliyoni mu 2019, ndipo poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu, imfazi zinali zambiri kuno kum'mwera kwa chipululu cha Sahara kuposa kwina kulikonse. Ofufuza a ku Blantyre amene anaunika magazi a odwala a pachipatala cha Queen Elizabeth kuyambira 1998 mpaka 2016 anapezanso kuti tizilombo tosamva mankhwala odalirika tikuchulukirachulukira.

Mayi wa cystic fibrosis sayenera kuopa khanda lake, ndipo azaumoyo sayenera kumuona ngati chiopsezo kwa mwana wake. Chofunika n'chakuti bambo ayezedwe, tizilombo ta mayi tidziwike mayina ndi mankhwala ake, onse omusamalira auzidwe, ndipo achibale amuthandize kuti asasiye chithandizo. Ngati m'banja mwanu muli matendawa ndipo mukuganiza zokhala ndi mwana, kaonaneni ndi dokotala mimba isanayambe.