Nyamakazi Yoyambira Pakhungu

Pakati pa nthenda zonse zimene anthu timazitcha nyamakazi, ilipo ina imene kawirikawiri imayamba kuonekera pakhungu zaka zingapo isanalowe m'mfundo za mafupa, kotero kuti wodwala, atazolowera kale zigamba zouma za mamba otuwa pazigongono, pamaondo ndi m'mutu, sazindikira kuti chala chotupa kuchokera patsinde mpaka kunsonga, chidendene chowawa poponda, zikhadabo zokumbika timaenje, ndi kuuma kwa thupi kumene kumamugwira m'mamawa mpaka dzuwa litakwera, zonsezi zabadwa m'nyumba imodzi. Ya pakhunguyo madokotala amaitcha psoriasis, ndipo ikafika m'mafupa amati psoriatic arthritis. Mwa odwala khumi a pakhungu, awiri kapena atatu amafika pamenepa.

Si khate ayi, ngakhale kuti a ku Ulaya anazisokoneza ziwirizi kufikira pamene Ferdinand von Hebra wa ku Vienna anazisiyanitsa mu 1841. Siipatsirana pogwirana chanza kapena podyera mbale imodzi, pakuti gwero lake ndi chitetezo cha m'thupi chimene chaukira mwini wake. Ndipo wothamangira kukatemera mphini adziwe kuti nthendayi imakonda kuphuka pomwe khungu lachekedwa.

Mankhwala ochizira nthendayi kotheratu sanapezeke, koma oigonjetsa alipo, ndipo pano ndi pamene ambiri amasokera. Ibuprofen ndi diclofenac amaziziritsa ululu ndi kutupa, koma saletsa mfundo kudyeka m'kati, ndiponso akamwedwa miyezi yambiri popanda uphungu amavulaza m'mimba ndi impso. Munthu angathe kuyamika kuti wapeza bwino pamene zala zake zikupindika, ndipo mfundo imene yaonongeka siibwereranso mwakale. Chifukwa chake madokotala amapereka mankhwala ofatsitsa chitetezo chopandukacho, monga sulfasalazine, leflunomide, makamaka methotrexate, amene amamwedwa kamodzi pa sabata, osati tsiku ndi tsiku, pamodzi ndi folic acid. Kuona maso a nkhono n'kudekha: mphamvu yake imaoneka patapita masabata 6 mpaka 12, ndipo nthawi yonseyo magazi ayenera kuyezedwa kuti chiwindi chisavulale. Wakumwa methotrexate atalikirane ndi mowa, ndipo mayi woyembekezera kapena wofuna kutenga pathupi asawakhudze konse. Zikakanika pali jakisoni wa adalimumab kapena etanercept, wokwera mtengo ndithu, amene saperekedwa munthu asanayezedwe chifuwa chachikulu, popeza angathe kudzutsa TB imene inagona m'thupi.

Kuno kwathu pali mfundo ina yosayenera kuibisa. Madokotala Njobvu ndi McGill, atafufuza odwala nthendayi ku Lusaka, analemba m'chaka cha 2000 kuti pafupifupi onse anali ndi kachilombo ka HIV. Sikuti aliyense wa zigamba ali nako, koma amene psoriasis yamutulukira mwadzidzidzi ndi mwaukali achita bwino kukayezetsa asanayambe mankhwala ofooketsa chitetezo, pakuti ambiri otere khungu ndi mafupa zimakhala bwino akayamba ma ARV.

Chotsalira chili m'manja mwa wodwala: kuchepetsa thupi ngati lanenepa, kuleka fodya, ndi kuyendayenda modekha, chifukwa mfundo yodwala nthendayi imauma ikagonekedwa. Popita kuchipatala ndi bondo lotupa, aonetsenso zigamba ndi zikhadabo ngakhale asanafunsidwe. Ndipo diso likafiira, kuwawa ndi kuopa kuwala, apite tsiku lomwelo, pakuti nthendayi imafikanso m'maso.